MTEMBO WOPANDA DZINA M'BANGO LA ZAMBEZI

M'mwezi wa Marichi 1978, asilikali a Rhodesia anaoloka Zambezi nathira nkhondo msasa wa ZIPRA ku Kavalamanja, m'boma la Feira, limene tsopano licedwa Luangwa. Patapita masiku owerengeka, nkhalamba ina yausodzi inapeza mtembo wa mwamuna utakodwa m'bango. Nkhope inali itaonongeka, ndipo panalibe wodziwa ngati anali wa kuno, wa ku Zumbo kapena wa kutsidya kwa adani.

Anyamata a m'bwato anati, "Agogo, ukankhireni pakati pa madzi ng'ona zimalize. Si mbale wathu, ndipo udzatiitanira milandu." Mantha ao anali omveka, pakuti masiku amenewo mlendo aliyense anali kukaikiridwa.

Nkhalambayo inakana. Inali itaphunzira kuwerenga pa mishoni ya Katondwe, ndipo inakumbukila lamulo la Ayuda akale la pa Deuteronomo 21. Munthu akapezeka ataphedwa kuthengo, womupha osadziwika, akulu ndi oweruza anali kuyesa mtunda kuti aone mudzi umene uli pafupi. Akulu a mudziwo anali kuthyola khosi la ng'ombe yaikazi yosalimapo m'cigwa ca madzi oyenda, nasamba m'manja ponena kuti mwaziwo sanaukhetse ndi iwo. Lamulolo silifunsa dzina la wakufayo, kapena mtundu wace, komabe mudzi unali kutaya ng'ombe yamphumphu cifukwa ca iye.

Maganizo amenewa agwirizana ndi mau a Cihebri akuti "nefesh", amene atanthauza khosi, mpweya, moyo, ndi munthu yense wathunthu. Pa Genesis 2, munthu woumbidwa ndi dothi anakhala "nefesh" wamoyo atauziridwa mpweya. Codabwitsa n'cakuti pa Numeri 6 mau omwewo agwiritsidwa nchito ponena za mtembo. Kwa alembi amenewo, thupi silinali thumba cabe lotaya moyo ukacoka; wakufa anali kuchulidwabe ndi liu la amoyo.

Nkhalambayo sinali kudziwa Cihebri, ndipo ng'ombe inalibe. Inatuma mnyamata mmodzi kukauza anyakwawa, iyo nikhala pagombe kuingitsa mbalame mpaka dzuwa litapendeka. Akulu atalola, mlendoyo anakulungidwa mu mphasa imene nkhalambayo inali kugonapo pa msasa wa nsomba. Anyamata aja ndiwo anakumba manda, pamtunda pamene madzi a dzinja safika.