Khomo Limodzi ku Kuyasa

Mlendo wochoka pakati pa mzinda wa Cape Town kulowera kum'mawa pa msewu wa N2 amalisiya m'mbuyo phiri la Table Mountain, n'kulowa m'chigwa cha mchenga cha Cape Flats, kenaka nalambalala bwalo la ndege. Akayenda makilomita pafupifupi 30 amafika ku Khayelitsha, dera limene boma la tsankho linakhazikitsa m'chaka cha 1983 pofuna kuti anthu akuda azikhala kutali ndi mzinda. Kumapeto kwa deralo kuli malo otchedwa Kuyasa. M'Chixhosa dzinali limatanthauza kuti "kukucha", ngakhale khutu la wolankhula Chichewa limafulumira kumva ngati "kuyatsa".

Nyumba za ku Kuyasa ndi zija boma linamangira osauka ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994. Ndi tinyumba tating'ono ta masikweyamita 30, ndipo tinaperekedwa topanda siling'i. Kwina kulikonse nkhani ya siling'i ikanakhala yaing'ono, koma ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira June mpaka August, ndipo Amalawi amene amagwira maganyu kumeneko amachidziwa chisanu chake. Usiku mpweya wa anthu ogona ndi nthunzi ya m'mapoto zimakagunda denga lozizira, n'kuyamba kudonthera pa zofunda. Makoma amachita chuku. Pofuna kufunda, banja limayatsa chitofu cha palafini zitseko zili chitsekere, m'dera limene chifuwa chachikulu chinazika kale mizu.

Kodi mayi wogona m'bulangete lonyowa akadandaule kwa yani? Malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996 anagawa ulamuliro patatu: boma lalikulu, maboma a zigawo ndi makhonsolo. Za nyumba ndi udindo wa boma lalikulu ndi chigawo, mapulani a mzinda ndi a khonsolo, pamene magetsi ali ndi eni akenso. Aliyense ali ndi ofesi yake, mafomu ake ndi chaka chake cha ndalama. Munthu wosauka alibe ndalama ya minibasi yoti azungulire makomo onsewo.

Chimene chinatchukitsa Kuyasa n'chakuti makomowo anasanduka limodzi. Bungwe lomwe si laboma la SouthSouthNorth, mogwirizana ndi khonsolo ya Cape Town, linayamba ndi nyumba khumi zokha. M'nyumba iliyonse anaikamo zinthu zitatu: siling'i yosunga kutentha, giza yofunditsa madzi ndi dzuwa, ndi mababu osadya magetsi ambiri. Mu August 2005 ntchitoyi inalembetsedwa pansi pa mgwirizano wa Kyoto, umene unkalola maiko olemera kulipira ntchito zochepetsa mpweya wowononga nyengo m'maiko osauka. Inali yoyamba kulembetsedwa motero mu Africa muno.

Komatu mbiri siimanga siling'i. Panapita zaka zitatu ntchito yeniyeni isanayambe. Ndalama zambiri zinadzachokera ku unduna wa zachilengedwe ndi zokopa alendo kudzera m'ndondomeko ya boma yopezera anthu ntchito, boma la chigawo cha Western Cape linawonjezerapo, ndipo bungwe la South African Export Development Fund linatenga udindo woyendetsa ntchitoyo. Kuyambira 2008 mpaka 2010 nyumba 2,309 zinakonzedwa. Okwera pa madenga ndi okhoma masiling'i ambiri anali anthu a m'deralo amene anaphunzitsidwa ntchitoyo. Mwininyumba sankafunika kudziwa kuti khobidi ili lachokera ku Pretoria kapena ku khonsolo. Iye ankangoona anansi ake akufika ndi makwerero, ndipo akamachoka madzi ofunda akutuluka pampopi.

Si zonse zinayenda monga momwe analotera. Ankayembekezera kuti ndalama zogulitsa mpweya wopulumutsidwawo zizithandiza kukonza magiza akawonongeka, koma mu 2012 mtengo wake unagwa kotheratu pa msika wa dziko lonse. Giza ikayamba kudontha, funso lakale lija la "kwa yani?" limabwereranso.

Ndondomeko ya dziko lonse inapunthwa koposa. Boma lalikulu linalonjeza magiza a dzuwa miliyoni imodzi pofika 2014, koma silinafike ngakhale theka. Ntchitoyo itachoka m'manja mwa kampani ya magetsi ya Eskom kupita ku unduna wa zamphamvu, magiza zikwizikwi ogulidwa kale anakhala zaka m'nyumba zosungiramo katundu, boma likulipira lendi, kudikira kuti makhonsolo akonzeke ndiponso kuti oika aphunzitsidwe. Zipangizo zinalipo; chimene chinasowa ndi chija chinapezeka ku Kuyasa.

Khonsolo ya Cape Town inatolapo phunziro lotsika mtengo, la siling'i. Mothandizidwa ndi thumba la boma lalikulu la Green Fund, inakhoma masiling'i m'nyumba pafupifupi 8,000 m'madera osiyanasiyana a mzindawo. Koma khonsolo yomweyo inawerengera kuti nyumba za boma zomangidwa popanda siling'i pakati pa 1994 ndi 2005 zinalipo pafupifupi 40,000.