Galimoto Yopanda Woyendetsa

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kufupi ndi Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza. M'mawa uliwonse ndimaima pamsewupo kuwolotsa ana a Sitandade 1. Ndikweza dzanja ndi kumyang'ana woyendetsa m'maso. Iyenso akandiyang'ana nachepetsa liwiro, ndidziwa kuti tamvana, ndipo ana awoloka.

Tsono kunja kuno kwabwera magalimoto oyenda okha. Mumzinda wa Phoenix ku America, kampani ya Waymo inayamba m'chaka cha 2020 kunyamula anthu wamba m'magalimoto opanda woyendetsa. Wokwera aitana galimoto ndi foni nakhala kumbuyo, chiwongolero chikuzungulira chokha. Makamera ndi zipangizo zina ndizo maso ake, kompyuta ndiyo iganiza.

Nditamva izi ndinakumbukira ngolo ya atate anga. Pobwerera kuchokera ku msika wa Mitundu iwo ankagona m'ngolomo, ng'ombe n'kumalondola njira zokha mpaka kumudzi. Sitinkaopa, pakuti ng'ombezo zinkatidziwa, ifenso tinkazidziwa. Nanga makina amdziwa yani?

Usiku wa pa 18 Malichi 2018, mumzinda wa Tempe, pafupi ndi Phoenix, galimoto ya kampani ya Uber imene inali kuyesedwa inagunda ndi kupha mayi amene anali kuwoloka msewu akukankha njinga. Ofufuza a boma anapeza kuti makinawo anaona chinthu patsogolo, koma sanazindikire kuti ndi munthu woyenda pansi, popeza sanawaphunzitse kuyembekeza munthu pa malo osalembedwa mizere yowolokera. Munthu amene anaikidwa m'galimotomo kuti ayang'anire anali kuyang'ana foni.

Nkhani imeneyi inandisowetsa tulo. Kwathu kuno timawoloka paliponse, wina ndi njinga ya matumba a chimanga, wina ndi mwana kumbuyo. Chimene chimatiteteza ndi kuonana maso ndi maso basi.

Chifukwa chake ndasintha kaphunzitsidwe kanga. Kale ndinkauza ana kuti, "Galimoto idzaima." Lero ndimawauza kuti, "Musaponde msewu kufikira mutaona matayala ataima." Inunso, anzanga, muuze ana anu chomwecho. Ngakhale woyendetsa alimo, mwina maso ake ali pa foni.