Ulendo Wochokera ku Mbungo: Kukaona Malo a Atsogoleri ndi Kukamva Nyimbo za Anthu

Mwana wobadwira ku Mbungo pa chilumba cha Likoma amakula akuona mapiri a dziko la Mozambique pafupi, pamene likulu la dziko lake lili kutali kutsidya kwa nyanja. Maina a atsogoleri amangowamva kusukulu ndi pa wailesi. Nchifukwa chake makolo angachite bwino kusunga kandalama ka usipa, kuti pa tchuthi atenge ana awo kukaona ndi maso malo amene mbiri ya dziko lathu inachitikira.

Musanakwere sitima, yambani mwaonerera malipenga a kwanu komweko. Gule ameneyu anayamba potsanzira perete wa asilikali itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amuna amavala zoyera naliza zipanda, ndipo amayi nawo ali ndi chioda chawo. Ndi bwino mwana ayambe wadziwa nyimbo za kwawo asanakamve za m'tauni.

Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951, imadzera ku Chizumulu popita ku Nkhata Bay. Kumwera kwa dokoli kuli Chintheche, kumene chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinayambira mu 2004. Koma inu kwerani basi yopita ku Mzuzu, ndipo mukatero mutsike ndi msewu wa M1 kudzera m'nkhalango ya paini ya Chikangawa ndi pa Jenda, kufikira mutalowa m'boma la Kasungu.

Kum'mawa kwa tauni ya Kasungu kuli Mtunthama. Kumeneko kuli mtengo wa kachere umene anthu amaukumbukira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirira pansi pake ali mwana. Pafupi pomwepo iye anamanga sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ndi kumaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Aonetseni ana zinthu ziwirizi, mtengo ndi sukuluyo, ndipo muwafunse chimene aphunzirapo.

Ku Lilongwe, kumene likulu linasamukira kuchoka ku Zomba mu 1975, kuli chiliza cha Kamuzu. Iye anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, ndipo chilizacho chinatsegulidwa mu 2006. Pamenepo pamakumbukiridwa ngodya zinayi zimene akuluakulu onse amazidziwa pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Makolo, musangojambulitsa chithunzi ndi kuchoka. Auzeni ana za ufulu wa pa 6 July 1964, za misewu ndi zipatala. Auzeninso za makadi a chipani, ndi za amayi a mbumba amene ankasiya ntchito zawo kukavina pa misonkhano, ena mwa kufuna kwawo, ena chifukwa cha mantha.

Mukapitirira Dedza ndi Ntcheu mudzafika ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band, gulu limene linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika. M'gulu limeneli munachokera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda. Lucius, amene anamwalira mu 2024, anaimba za mavuto a anthu wamba pa nthawi imene dziko linkasintha, ndiye kuti pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Pa njira ya ku Liwonde mudzalowa m'boma la Zomba, kumene kuli ndende ya Mikuyu. M'menemo anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mmodzi wa iwo anali mlakatuli Jack Mapanje, kuyambira 1987 mpaka 1991. Malo awa alibe zokongoletsa monga chiliza cha ku Lilongwe, koma mwana amene waona chilizacho osamva za Mikuyu wangodziwa theka la mbiri.

Mu mzinda wa Blantyre lowani m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri, kenaka mupite ku Chileka. Pa bwalo la ndege la kumeneko ndi pamene Kamuzu anatsikira pa 6 July 1958. Chileka yomweyo ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, akatswiri a gitala ndi chitoliro, ndiponso kwa gulu la Black Missionaries. Ulendo ungathere ku Ndata m'boma la Thyolo, kumene Bingu wa Mutharika, amene analamulira kuyambira 2004 mpaka imfa yake mu April 2012, anaikidwa pamodzi ndi mkazi wake Ethel.

Tikudziwa kuti makolo ambiri amaopa malo a zoimba chifukwa cha mowa ndi kuyenda usiku, ndipo mantha amenewa ndi omveka. Sankhani zoimba za masana, pitani limodzi ndi ana anu, ndipo pobwerera kambiranani mawu a nyimbo zimene mwamva. Achinyamata, inunso musachite manyazi kufunsa agogo anu zimene anaona m'zaka zimenezo. Ambiri a iwo atsikira kale kuli chete, ndipo amene atsala sadzakhala nafe masiku onse. Afunseni akadali ndi moyo, ndipo zimene akuuzeni muzilembe m'kope.