Kae Kurahashi, katswiri wotseka njira

Munthu amene akuonera koyamba mpira wa rugby wa anthu olumala, maso ake amathamangira kwa yemwe wanyamula mpira. Njinga za osewera zimaombana mwaphokoso, zina mpaka kugudubuzika, ndipo wochinya ndiye amaomberedwa m'manja. Kae Kurahashi wa ku Japan sapezeka kawirikawiri pamene pali mpira. Ntchito yake ili pena.

Mayiyu adabadwa m'chaka cha 1990 mumzinda wa Kobe. Ali pa yunivesite ankachita masewera odumpha a trampoline, ndipo tsiku lina adagwa moipa navulala fupa la m'khosi. Miyendo idaleka kugwira ntchito, manja nawo adatsala ndi mphamvu zochepa. Ambiri akadaganiza kuti za masewera zathera pomwepo, makamaka masewera ogundana ngati awa, amene atayambika ku Canada ankatchedwa murderball.

Koma malamulo a mpirawu adakonzedwa mwanzeru. Wosewera aliyense amapatsidwa mapointi kuyambira 0.5 mpaka 3.5, malinga ndi mphamvu zimene thupi lake lili nazo, ndipo anthu anayi amene ali m'bwalo sayenera kupitirira mapointi 8 onse pamodzi. Choncho mphunzitsi sangathe kusankha amphamvu okhaokha. Kurahashi ali pa 0.5, gulu la olumala kwambiri. Kutsogolo kwa njinga yake kuli chitsulo chokolera njinga ya mdani. Akamkola katswiri wa timu inayo, ngakhale kwa masekondi awiri okha, mnzake amapeza mpata wodutsa ndi mpira. Kuti zimenezi zitheke ayenera kudziwiratu kumene mdani akulowera, popeza paliwiro sangampeze.

Adalowa m'timu ya dziko lake m'chaka cha 2017, mkazi woyamba kutero. Pa mipikisano ya ku Tokyo ndi ku Paris, timu yolowetsa mkazi m'bwalo inkaloledwa kuonjezera 0.5 pa mapointi 8 aja, ndipo wina akhoza kunena kuti adamtengera lamulo limeneli. Lamulolo lidathandizadi, palibe chifukwa chobisira. Komabe lamulo silikola njinga ya munthu.

Mu 2018 Japan idagonjetsa Australia 62-61 ku Sydney ndi kutenga chikho cha dziko lonse. Choncho pa masewera a Paralympic a ku Tokyo, amene adachitika mu 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19, anthu ankayembekezera golide pakhomo. Great Britain idawatsekera njira mu semifainolo, ndipo adangotola mendulo yachitatu.

Ku Paris mu 2024 adapyola semifainolo movutikira, pogonjetsa Australia 52-51 m'nthawi yoonjezera. Pa 2 Sepitembala adagonjetsa United States 48-41, ndipo Japan idalandira golide wake woyamba wa Paralympic pa mpirawu. Mwa osewera 12 amene adavekedwa mendulo ya golide usiku umenewo, mkazi adali Kurahashi yekha.