Mapaki a ku Oak Park ndi Kaboma Kawo Kakang'ono

Sitima ya magetsi imene anthu a ku Chicago amaicha Green Line imanyamuka pakati pa mzinda ndi kuyenda pamwamba pa misewu kulowera kumadzulo. Theka la ola lisanathe imawoloka msewu wochedwa Austin Boulevard, ndipo pamenepo ndi pamene Chicago wathera. Tsidya linalo kwayambira Oak Park, dera limene eni ake amalicha mudzi ngakhale kuti pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu oposa 54,000. Alendo ambiri amatsikira kuno kudzaona nyumba zimene anazilemba mapulani Frank Lloyd Wright, kapena nyumba imene anabadwiramo mlembi Ernest Hemingway mu 1899. Ife tinatsikirako kudzaona mapaki, ndi kufuna kudziwa amene amawasunga.

Kucokera pa siteshoni ya Oak Park Avenue tinayenda pang'ono cakumpoto ndi kufika pa Scoville Park. Ndi paki yaing'ono, ya maekala ngati 4, yokhala pa kacitunda m'dziko limene ponseponse ndi cidikha. Pamwamba pa kacitundako pali cipilala cokumbukira anthu a m'mudzimo amene anapita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, cimene cinaimikidwa mu 1925. Pambali pali nyumba yowerengeramo mabuku, mabwalo a tenesi ndi malo osewererapo ana. M'miyezi yotentha, Lamulungu madzulo, mabanja amayala nsalu pa udzu ndi kumvera oimba popanda kulipira khobidi. Cimene cinatikopa maso koposa ndi cikwangwani ca pakhomo. Dzina lolembedwapo si la khonsolo ya mudzi ai, koma la bungwe lina, Park District of Oak Park.

Apa tifotokoze bwino, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. M'cigawo ca Illinois mapaki a m'midzi yambiri sali m'manja mwa khonsolo. Ali ndi kaboma kawokawo, kokhala ndi malire ake, masankho ake ndi mphamvu yake yokhometsa msonkho. Timaboma totere tilipo toposa 300 m'cigawo conseco, ndipo lamulo limene limatiyendetsa linaikidwa pamodzi mu 1947. Ka ku Oak Park kanayamba mu 1912, ndipo nthaka yoyamba imene kanagula ndi ya Scoville yomweyi, pamene panali nyumba ya banja lolemera la dzina limeneli. Mtsogoleri wa mudzi alibe mphamvu yolamula bungweli, ndipo ndalama za mapaki sangazitenge kukakonzera misewu kapena kulipira apolisi, ngakhale thumba la khonsolo litauma.

Oyendetsa bungweli ndi makomishona asanu. Amasankhidwa ndi anthu a m'mudzimo pa masankho a mwezi wa April, ndipo aliyense amatumikira zaka zinai. Sasankhidwa onse caka cimodzi, kuti pakalowa atsopano pakhalebe ena odziwa kumene nkhani zinalekezera. Pa pepala lovotera salembapo dzina la cipani. Cinanso, lamulo silola kuti alandire malipiro. Ndi anthu wamba, ena ali pa nchito zawo, ena anapuma, amene amapereka nthawi yawo ya madzulo kukambirana za denga lothonya, mtengo wa tikiti ya padziwe losambiramo, ndi mitengo imene yadwala yofunika kudula. Iwowa amalemba nchito mkulu woyang'anira, ndipo iye ndiye amayendetsa anchito olipidwa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a sukulu amene amagwira ganyu yolondera osambira pa holide.

Misonkhano yawo siicitikira kuseri. Lamulo la Illinois limafuna kuti mitu ya zokambirana ipacikidwe poyera maola 48 msonkhano usanayambe, ndipo munthu aliyense akhoza kulowa, kukhala pansi, ndi kupatsidwa mphindi zocepa zolankhula. Bajeti ya caka imaikidwa poti anthu aione kwa masiku 30, kenaka pamakhala msonkhano womvera madandaulo isanavomerezedwe. Kugulitsa nthaka ya paki nakonso n'kobvuta dala: kawirikawiri pamafunika kuti anthu avote, kapena kuti khothi livomereze ngati malowo ndi aang'ono. M'mudzi wothithikana ngati Oak Park, m'mene mapaki onse pamodzi safika maekala 100 ndipo kapuloti kalikonse ndi ka mtengo wapatali, lamulo limeneli ndilo mpanda weniweni wa mabwalo a ana.

Ndalama zimacokera mbali ziwiri zikuluzikulu. Mbali ina ndi msonkho wa nyumba ndi malo, umene mwini nyumba aliyense amalipira molingana ndi mtengo wa nyumba yake. Pa cikalata ca msonkho amaona mzere wa masukulu, umene umatenga gawo lalikulu koposa, mzere wa khonsolo, wa nyumba ya mabuku, ndi mzere waung'ono wa mapaki. Mbali ina ndi ndalama zimene anthu amalipira pophunzira kusambira, kusewera pa bwalo la madzi oundana la ku Ridgeland Common, kapena kusiya ana pa maphunziro a pa holide. Wokhala m'mudzimo amalipira zocepa kuposa wocokera kunja, popeza analipira kale kupyolera mu msonkho, ndipo mabanja osowa amacepetseredwa mtengo akapempha. Makomishona sangakweze msonkho monga afunira, cifukwa lamulo linaika malire. Akafuna kupyola malirewo ayenera kufunsa eni ake. Mu April 2005 anaterodi, ndipo anthu a ku Oak Park anavota kuti adzikwezere okha msonkho pofuna kukonzanso mapaki amene anali atakalamba. Sitinamvepo kawirikawiri za anthu obvomera okha kusenza katundu wolemererapo.

Kum'mwera kwa mudzi, m'mbali mwa mseu waukulu wa Eisenhower, kuli nyumba ya magalasi yosungiramo zomera, yomangidwa mu 1929. Tinamwetulira poona nthoci ndi zomera zina za kumaiko otentha zikuleredwa ngati makanda, pakuti kunjako m'mwezi wa January nthaka imauma gwa ndi cisanu. Ca m'ma 1970 nyumbayi inali itaonongeka ndipo panali maganizo oti igwetsedwe. Anthu a m'mudzimo anakana, anasonkha ndalama, ndipo nyumbayo ilipo mpaka lero.

Koma malo amene anatiphunzitsa zambiri ndi Barrie Park, kum'mwera cakum'mawa. Mabwalo angapo a ana m'mudzi muno anapatsidwa maina a alembi a nthano ndi ndakatulo: Andersen, Carroll, Stevenson, Field, ndi Barrie amene analemba nthano ya Peter Pan. Pamalo pamene pali Barrie Park kale panali fakitale yophika malasha popanga gasi wounikira, imene inagwira nchito kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka ca m'ma 1930. Fakitale itacoka, phula lake linatsalira pansi pa nthaka. Pamwamba anabzalapo udzu, ndipo ana anasewerapo mpira zaka zambiri makolo awo osadziwa cimene cinali kunsi. Nthaka itapimidwa, paki inatsekedwa mu 1999.

Apa ndi pamene kaboma kakang'onoka kanayesedwa. Mbali ina kunali makampani awiri akuluakulu, ComEd ndi Nicor, amene analowa m'malo mwa eni fakitale yakale ija, okhala ndi maloya ndi akatswiri awo. Mbali inayi kunali makomishona asanu osalipidwa, khonsolo ya mudzi, ndi mabanja a nyumba zozungulira pakiyo, amene anali kufunsa ngati minda yawo nayonso inali ndi poizoni. Kukangana kunali pa funso lakuti akumbe mozama bwanji, pakuti kukumba pang'ono ndi kukwirira kukanachipa. Potsiriza anakumba dzenje lakuya kwambiri, dothi loipa linacotsedwa, mabwalo a nyumba zina zapafupi anayeretsedwanso, ndipo makampaniwo ndiwo analipira. Paki inatsegulidwanso mu 2005, patapita zaka zisanu ndi cimodzi. Mwana amene anali ndi zaka zisanu pamene anaika mpanda anabwererako ali pafupi kutsiriza pulaimale. Lero pali bwalo la mpira ndi kaphiri kamene ana amatsetserekapo pa cipale cofewa.

Mkatolika akaona zoterezi amakumbukira ciphunzitso ca Papa Pius XI m'kalata yake ya Quadragesimo Anno ya 1931, cakuti nchito imene gulu laling'ono lingathe kuigwira bwino isalandidwe ndi gulu lalikulu, koma lalikululo lithandize pamene laling'ono lalephera. Amene anayambitsa bungwe la mapaki mu 1912 sanatenge nzeruyi kwa Papa. Ambiri anali a mipingo ina, ndipo parishi yoyamba ya Akatolika m'mudzimo, ya St. Edmund, inali itangoyamba mu 1907. Komabe kacitidwe kawo kamagwirizana nayo. Ngakhale pamene kaboma kamodzi kacepa mphamvu, sikapereka nchito kwa boma lalikulu koma kamagwirana manja ndi tinzake. Ndi mmene Oak Park ndi midzi yoyandikana nayo inapangira bungwe limodzi lokonzera masewera ana ndi akulu olemala, cinthu cimene mudzi umodzi paokha sukanakwanitsa. Mu 2023 bungwe la mapaki linatsegula nyumba yaikulu ya masewera pa Madison Street, yomangidwa kwakukulu ndi zopereka za anthu ndi thandizo la boma la Illinois, m'mene ana a sekondale amalowa mwaulere akaweruka.

Sitinganene kuti zonse n'zokoma. Masankho a mu April amavota ndi anthu ocepa, ndipo m'midzi ina ofuna mipando amangokwanira mipandoyo, osapikisana ndi aliyense. Msonkho wa nyumba ku Oak Park ndi wokwera, kotero kuti okalamba ena amene anatsiriza kale kulipira nyumba zawo amabvutika nawo. Cobvuta cacikulu n'cakuti kaboma kodalira mtengo wa nyumba kamalemera pamene nyumba n'zodula ndi kusauka pamene n'zochipa. Mudzi wosauka, umene ana ake amasowa koposa malo abwino osewerera, ndiwo umatolera zocepa.

Pobwerera tinawoloka Austin Boulevard wapansi ndi kulowa m'dera la Austin, limene ndi mbali ya Chicago ndipo anthu ake ambiri ndi akuda, opeza mocepa kuyerekeza ndi anansi awo a tsidya lija. Kuno mapaki ali pansi pa Chicago Park District, bungwe lalikulu limene linapangidwa mu 1934 pophatikiza mabungwe 22, ndipo makomishona ake amasankhidwa ndi meya, osati ndi anthu pa voti. Mu 1982 boma la America linasumira bungweli kukhothi ponena kuti linali kunyalanyaza mapaki a m'madera a anthu akuda ndi olankhula Cisipanishi, ndipo caka cotsatira linasaina pangano lakuti ligawe cuma mwacilungamo.

M'mphepete mwenimweni mwa msewuwo muli Columbus Park, yaikulu kuposa mapaki onse a ku Oak Park kuwaphatikiza. Anaikonza ndi Jens Jensen, munthu yemweyo amene anakonza Scoville Park. Jensen anabadwira ku Denmark, anayamba ngati wolima wamba m'mapaki a Chicago, ndipo mu 1900 anacotsedwa nchito cifukwa cokana kugwirizana ndi andale okonda ziphuphu, koma anamuitananso mu 1905. Mu Columbus Park anakumba dziwe lokhotakhota ngati mtsinje, anamanga mathithi awiri a miyala, ndipo pafupi ndi malo a ana anaika mpando wamiyala wozungulira ngati bwalo la milandu la kumudzi, woti anthu azikhalapo moyang'anana pokamba nthano. M'zaka za m'ma 1950 mseu wa Eisenhower unadula cigawo ca kum'mwera ca pakiyi, ndipo phokoso la magalimoto limamveka mpaka pa mathithiwo.