Ulendo wa ku Chennai: tinawerengera tikiti, tinaiwala masiku

Kwathu ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, tinazolowera kuona alendo akutsika galimoto ndi zikwama zawo n'kuyamba kunenerera mtengo ndi anyamata operekeza anthu kuphiri. Sitinkadziwa kuti tsiku lina nafenso tidzakhala alendo kwa eni, ofunsa mtengo wa chilichonse. Mayi athu atapezeka ndi vuto la mtima, madokotala ku Blantyre anatiuza kuti opaleshoni yake ikachitikire kunja. Choncho mu 2024 ife awiri, ana awo, tinawaperekeza ku Chennai, likulu la chigawo cha Tamil Nadu kumwera kwa India, mzinda umene kale unkatchedwa Madras. Tikulemba izi chifukwa mabanja ambiri akhala akutifunsa funso limodzi: kodi munthu akonzekere bwanji ndalama?

Tinayamba kusonkha ndalama mu 2023. Tinagulitsa nandolo ndi mbuzi, abale a ku Joni anatumiza, anzathu a kumpingo anasonkhanso. Koma mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama imene tinkati yatsala pang'ono kukwana inasanduka yoperewera. Apa tinaphunzira kuwerengera ulendo wonse m'madola, chifukwa tikiti ndi chipatala zimatsata dola. Kwacha sasintha ku India, ndipo kupeza madola kubanki kuno kumafuna mapepala a chipatala ndi kudekha. Yambani msanga.

Ndalama tinaigawa m'maenvelopu anayi. Yoyamba inali ya mapepala: mapasipoti, visa ya wodwala ndi ya operekeza, katemera wa yellow fever, ndiponso maulendo a minibasi kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbe kukalondola zonsezi. Visa ya chipatala imafuna kalata yochokera kuchipatala chimene mukupitako, ndipo operekeza saloledwa kupitirira awiri. Envelopu yachiwiri inali ya ndege. Tinakwera ya Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa, imene inayamba kufika ku Chennai mu 2022. Yachitatu inali ya chipatala, malinga ndi mtengo umene anatilembera tisananyamuke. Yachinayi, ya pogona ndi chakudya, tinaiyesa yaing'ono, ndipo ndi imene inatsala pang'ono kutigwetsa.

Tinawerengera masabata atatu. Titafika, madokotala anapeza kuti shuga wa amayi ndi wokwera, choncho opaleshoni inadikira kaye. Itachitika, anafuna kuwaonanso kawiri asanalembe kalata yowalola kukwera ndege. Masabata atatu aja anakhala asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse lowonjezera linali ndi chipinda chake, chakudya cha anthu atatu, madzi akumwa ogula, ndi ulendo wa kuchipatala. Kusintha tsiku la tikiti kunadyanso ndalama. Usiku wina amayi anationa tikuwerengera pakakope ndipo anati, "Ana anga, ngati zavuta tiyeni tizipita, ndikachirira kwathu." Tinawayankha kuti, "Amayi, inu gonani, izi ndi zathu." Koma tulo sitinatione.

Chimene chinatipulumutsa ndi kufunsa. Paja safunsa anadya phula. Namwino wina anatilozera nyumba zimene amabwereketsa kwa operekeza odwala, zokhala ndi kakhitchini, pafupi ndi chipatala. Tinachoka kuhotela tsiku lotsatira. Kulipira pa sabata kunatsika kusiyana ndi kulipira pa tsiku, ndipo chifukwa kunali kufupi tinkayenda wapansi.

Pa chakudya Chennai anatikomera mtima. Anthu ena kumeneko sadya nyama, ndipo malo odyera olembedwa kuti "veg" ali ponseponse, otsika mtengo. M'mawa amadya idli, timikate toyera ta mpunga ndi nyemba tophikidwa ndi nthunzi, topanda mafuta. Amathira msuzi wotchedwa sambar. Titaulawa tinayang'anana: ndi nandolo! Iwo amamusenda n'kumugawa pakati, ndipo nthawi zambiri amaikamo zitheba za chamwamba. India amagula nandolo wambiri kuno kwathu, ndipo mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana za matani 50,000 pa chaka. Amayi anaseka n'kunena kuti mwina akudya wa m'munda mwawo womwe. Ufa wa chimanga woyera sitinauone m'magolosale a pafupi, koma tinapeza ufa wa tirigu wa misere wotchedwa rava, umene umaphikika ngati nsima, komanso ufa wa mawere umene amautcha ragi. Kuphika tokha kunatithandiza kuchepetsa mchere, mafuta ndi tsabola, monga mmene dokotala analamulira. Lachisanu tinkaphikiratu za Sabata.

Mzindawu ndi wotentha kwambiri, makamaka m'mwezi wa Meyi, ndipo mvula yake yamphamvu imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Madzi akumwa musawaiwale pa bajeti. Zigubu zazikulu n'zotsika mtengo kusiyana ndi timabotolo. Pa mayendedwe pali sitima ya Metro imene imafika mpaka pabwalo la ndege, ndiponso tinjinga tamoto ta matayala atatu timene amatitcha auto. Gwirizanani mtengo musanakwere, kapena itanitsani kudzera pa foni kuti muuonerepo. Chiyankhulo chawo ndi Tamil, koma m'chipatala ndi m'masitolo ambiri Chingerezi chimamveka. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye poimbira abale kumudzi tinkadikira madzulo.

Amayi atayamba kupeza bwino tinawatengera ku Marina Beach, gombe lalitali la nyanja ya Bay of Bengal, kumene salipiritsa polowa. Anakhala pamchenga nthawi yaitali akuyang'ana mafunde, kenako anati madzi onsewa koma osamweka, bola a mumtsinje wa Likhubula. Tinadziwa kuti achira.

Kwa banja limene likukonzekera ulendo wotere, malangizo athu ndi awa. Funsani chipatala chikulembereni zimene zili mumtengo wawo ndi zimene mulibe, monga kuyeza magazi, masiku owonjezera m'wodi ndi mankhwala opita nawo kunyumba. Pezani mtengo wa tsiku limodzi wa pogona, chakudya, madzi ndi mayendedwe, ndipo muuchulukitse ndi masiku owirikiza kawiri amene mwauzidwa. Gulani tikiti yololeza kusintha tsiku ngakhale itakwererako pang'ono. Werengerani ndalama imene ili m'manja, malonjezo a abale muwaike padera. Ngati wodwala angathe kukhala ndi woperekeza mmodzi, winayo atsale, chifukwa tikiti yake ikhoza kulipira masabata angapo a pogona. Musaiwalenso a kunyumba: fizi ya ana ndi feteleza sizidikira kuti mubwere.

Tinatsika pa Chileka ndi ndalama yongokwanira galimoto yokafika pa Likhubula. Ngongole ina tikubwezabe. Amayi chaka chino adzalanso nandolo kuseri kwa nyumba, ndipo akuti wina asungidwe, asagulitsidwe yense.