Beira: doko lolemera, nyumba za m'dambo

Msewu wochokera ku Mwanza kudzera ku Tete ndi Chimoio umafika ku Beira utadzaza matanki a mafuta ndi mathiraki a feteleza, ambiri okhala ndi nambala za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ndinautsata mpaka pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere, ndipo ganizo limene ndabwera nalo ndi ili: mzindawu anaumangira katundu wa ife akumtunda, osati anthu ogonamo, ndipo nyumba zake zikuchitira umboni mpaka lero.

Apwitikizi anamanga msasa wa asilikali m'dambo limeneli mu 1887, koma kwa zaka pafupifupi 50, mpaka 1942, deralo linkalamulidwa ndi kampani, Companhia de Moçambique. Chomwe kampaniyo inkafuna ndi njanji yopita ku Rhodesia ndi gombe loti sitima zikocheze. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, tiyi ndi fodya wa Nyasaland anayamba kufika padoko osatsitsidwanso pamtsinje. Zoti madzi a mvula azidzera kuti m'mzinda wosalala chonchi, womwe mbali zake zina zimalingana ndi nyanja, zinabwera pambuyo. N'chifukwa chake lero lendi ku Beira imatsata kuuma kwa nthaka. Amene ali ndi ndalama ali ku Ponta Gêa ndi Macúti, m'nyumba zasimenti. Onyamula katundu ndi asodzi ali ku Munhava ndi Praia Nova, kumene madzi amalowa pakhomo dzinja lililonse. Mu 1976 boma la Frelimo linalanda nyumba zonse za lendi. Cholinga chinali chabwino, anthu akuda analowa m'mafulati omwe kale ankangowaonera kunja, koma lendi yochepa ija sinakwane kukonzera madenga ndi mapaipi. Nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992 inathamangitsira anthu akumidzi m'tauni, mwakuti Grande Hotel, yomwe inatsekedwa mu 1963 chifukwa chosowa alendo, tsopano mukukhala mabanja ambirimbiri opanda madzi a m'mpope. Malo onse ku Mozambique ndi a boma, munthu amangopatsidwa chikalata chotchedwa DUAT. Wopanda chikalatacho amamanga ndi mtima umodzi, ndipo kubanki alibe chikole choonetsa.

Wina anganene kuti ndikulakwira mbiri, wolakwa ndi namondwe Idai wa mu Malichi 2019. Zoona, Idai anasasula madenga pafupifupi mzinda wonse. Koma mphepo inapeza malata omangidwa ndi waya ndi makoma osaphika atakhalapo kale. Sindiyo inasankhira osauka malo otsika. Winanso angati doko limapereka ntchito, ndipo n'zoonadi. Kungoti katundu amangodutsa, ndipo ndalama zotsalira zimakweza lendi m'madera ouma, zomwe zimakankhira ena kumatope. Mtsutso wolemera kwambiri ndi wa ngalande: meya Daviz Simango, yemwe anamwalira mu 2021, anatsegula mtsinje wa Chiveve ndi kukonzetsa ngalande zikuluzikulu, ndipo madera amene ngalandezo zinafika sasefukira ngati kale. Apa ndikuvomera, koma zikungotsimikiza mfundo yanga, popeza vutoli linali lotheka kulikonza kuyambira kale.

Beira ili ndi anthu oposa theka la miliyoni. Maiko amene timadya za padoko lake, Malawi ali momwemo, tikamakambirana za njanji ndi misewu ya kumeneko tiziikapo ndi ngalande za ku Munhava.